Gule asanalowe m'kaundula, afunsidwe ovina: za ku Chincha ndi ku Yungas

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu tikambe za magule a anthu akuda okhala m'mayiko a mapiri a Andes ku South America, ndi njira yomwe ena mwa magulewo anadutsa kuti alembedwe m'kaundula wa boma ndi wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe. Ndi kutali ndithu, koma pangano lomwe anatsata, lija la mu 2003 loteteza miyambo, nyimbo ndi luso la makolo, ndi lomwelo lomwe Malawi analowamo mu 2010, ndipo Gule Wamkulu, Vimbuza, Tchopa ndi Mwinoghe ali pa mndandanda womwewo. Tikufuna kuonetsa kuti chilolezo cha eni gule ndi ntchito yaitali, yoyamba liwu loyamba lisanalembedwe m'fayilo ndi kupitirira satifiketi itapachikidwa kale pakhoma. Pomwe ntchitoyi yafupikitsidwa, kuzindikiridwa kwa gule kumathera m'maofesi.

Tiyambire ku El Carmen, m'dera la Chincha, chigawo cha Ica ku Peru, makilomita pafupifupi 200 kummwera kwa Lima. Kumeneko kunali minda ikuluikulu ya nzimbe ndi thonje, monga Hacienda San José, yomwe inkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa mpaka ukapolo unathetsedwa mu 1854. Zidzukulu zawo zimavina Hatajo de Negritos, gule wa amuna, ndi Las Pallitas, gule wa akazi. Onse awiri ndi a nyengo ya Khirisimasi, kuyambira pa 24 Disembala mpaka pa 6 Januwale, ndipo amayerekeza abusa ndi anzeru a kummawa aja opita kukalambira Yesu wakhanda. Gulu limodzi limatha kufika anthu 50. Amuna amandanda mizere iwiri, kabelu kudzanja lina, kachikwapu kudzanja linalo, akuimba ndi kugunda pansi ndi nsapato motsatira vayolini, pomwe mtsogoleri wawo, caporal, akuyang'anira mzere. Ng'oma mulibe, kugunda konse kumachokera ku mapazi ndi mabelu. Akazi amatsatira gitala, atanyamula ndodo zokongoletsedwa zotchedwa azucenas. Amavina pakhomo pa tchalitchi, pabwalo, ndi m'nyumba za mabanja omwe akonza kakhola ka Yesu wakhanda, ndipo eni nyumba amawalandira ndi chakudya ndi chakumwa. Pa tsiku lomaliza amawotcha zina mwa zokongoletsera zawo, kotero chaka chilichonse pamafunika zatsopano, ndipo ndalama yake imachoka m'matumba a mabanja.

Gule ameneyu ali ndi mizu itatu. Mapondedwe a mapazi ndi a zidzukulu za ku Africa, kamvekedwe ka vayolini ndi ka anthu a kumapiri olankhula Quechua omwe ankatsikira ku minda ija kudzagwira ntchito, pomwe mawu a nyimbo ndi a Chikatolika, m'Chisipanishi. Nyimbo zina zimasiya za ku Betelehemu n'kuimba za kuwawa kwa ntchito ya m'munda. Yemwe anatchukitsa gule ameneyu kunja kwa Chincha ndi Amador Ballumbrosio, mmisiri womanga nyumba, woimba vayolini ndiponso mtsogoleri wa gulu, yemwe anamwalira mu 2009. Ana ake ndi adzukulu ake akupitiriza kuphunzitsa ku El Carmen.

Boma la Peru linalengeza magule awiriwa kukhala chuma cha fuko mu 2012, ndipo UNESCO inawalemba mu Disembala 2019 pa msonkhano wa ku Bogotá, ku Colombia. Dongosolo limeneli silingatembenuzidwe, chifukwa UNESCO silandira gule yemwe sanalowe kaye m'kaundula wa dziko lake, ndipo kaundulayo ayenera kukonzedwa pamodzi ndi eni mwambo. Malamulo omwe unduna wa zachikhalidwe ku Peru ukutsata masiku ano ndi ofunika kuwaona bwino. Pempho limachokera kwa eni ake. Fayilo yawo imalongosola mbiri ndi tanthauzo la gule, imaonetsa umboni woti ovina anatenga nawo mbali poikonza, imatchula zomwe zikuopseza gule ndi zomwe eni ake akulonjeza kuchitapo, komanso imakhala ndi zithunzi. Akalengeza, unduna ndi eni gule amayenera kulemba lipoti la momwe gule alili zaka 5 zilizonse. Kwa ife lamulo la lipotili ndilo lanzeru kuposa onse, chifukwa limakakamiza wa ku ofesi kubwerera kumudzi.

Ku UNESCO njira yake ili chonchi. Fayilo imatumizidwa ndi boma, pakuti mudzi kapena gulu la ovina silingatumize palokha. Imalembedwa m'Chingelezi kapena m'Chifalansa, ndipo iyenera kufika ku likulu la UNESCO ku Paris pofika pa 31 Malichi. Pamwamba pa fomu pamafunika zithunzi 10 zaposachedwa, kanema wa mphindi 5 mpaka 10 wokhala ndi mawu omasulira, umboni wa kaundula wa m'dziko, ndi zikalata za chilolezo cha eni ake. Alembi a bungweli amaona ngati zonse zilipo pofika pa 30 Juni, ndipo chosowa chimayenera kutumizidwa pofika pa 30 Sepitembala. Kenako gulu la ounika 12, theka akatswiri ndi theka oimira mabungwe omwe si aboma, limawerenga n'kupereka maganizo ake, ndipo komiti ya mayiko 24 imagamula kumapeto kwa chaka chotsatira. Kuchokera potumiza mpaka pogamula pamadutsa miyezi yoposa 20. Komiti ikhoza kulemba gule, kubweza fayilo kuti ikakonzedwe, kapena kukana. Poti mafayilo omwe amaunikidwa pa chaka ndi owerengeka, dziko lingayembekeze fayilo imodzi pa zaka ziwiri, ndiye kubwezedwa kamodzi kumachedwetsanso magule ena omwe ali pamzere.

Msampha woyamba uli pa kalendala. Gule wa ku Chincha amavinidwa masabata awiri okha pa chaka. Kuchoka pa 6 Januwale kufika pa 31 Malichi sipakwana miyezi itatu, ndipo m'miyezi imeneyi kanema ayenera kudulidwa, kumasuliridwa, ndi kukaonetsedwa kwa ovina kuti anene ngati akudzizindikira mmenemo. Amene waphonya nyengoyo amakopeka kuveka ovina mu Malichi kuti avinire kamera pabwalo. Kanema wotereyu amaonetsa mapazi koma mulibe kakhola, mulibe mayi wotsegula chitseko kulandira gulu, mulibe mwana wamng'ono kumapeto kwa mzere yemwe akuyang'ana mapazi a mkulu wake kuti asasokoneze. Ounika amafuna kuona ntchito ya gule pakati pa anthu, ndipo kanema wooneka ngati wotsatsa malo kwa alendo amaudandaula kawirikawiri. Njira yabwino ndi kujambula Khirisimasi imodzi, kuonetsa eni ake chaka chonsecho, kudzaza zosowa pa Khirisimasi yachiwiri, kenako n'kutumiza.

Tsopano pa chilolezo penipenipo, pomwe mafayilo ambiri amapunthwa. Lamulo limati eni ake avomere mwaufulu, zinthu zisanachitike, komanso atamva bwinobwino chomwe akuvomera. Chizolowezi choipa ndi kulemba kalata imodzi ku likulu, kuichulukitsa, n'kuyenda nayo tsiku limodzi kutolera masiginecha. Fomu ya UNESCO imanena poyera kuti komiti imakonda maumboni osiyanasiyana kuposa makalata ofanana mawu. Chomwe chimagwira ntchito ndi kukumana ndi gulu lililonse palokha, pa malo omwe limachitira zokonzekera zake ndi pa nthawi yomwe limasonkhana kale, madzulo anthu ataweruka. Zomwe zalembedwa ziwerengedwe mokweza m'chilankhulo cha anthuwo, ndime ndi ndime. Wolemba alembe tsiku, malo, chiwerengero cha amuna, akazi ndi achinyamata omwe analipo, ndi zomwe zinasinthidwa atatsutsa. Wosadziwa kulemba alankhule pa kanema. Wokana alembedwenso kuti wakana ndi chifukwa chake, pakuti fayilo yoonetsa kuti panali mkangano n'kuutha imakhulupirika kuposa yomwe aliyense anangoti inde. Ndipo pa msonkhano woyamba penipeni anthu auzidwe zomwe kulembedwa sikubweretsa. Sikubweretsa malipiro, sikupatsa gulu limodzi umwini wa nyimbo, ndipo sikuletsa mlendo kutengera mavinidwe. Anthu akasaina akuganiza kuti kukubwera ndalama, patapita zaka ziwiri amayamba kuloza zala mtsogoleri wawo kuti wadya, chonsecho panalibe chodya.

Funso lovuta kwambiri ndi loti eni ake ndani. Banja lotchuka ngati la Ballumbrosio ndi losavuta kulipeza, limadziwa kulankhula ndi atolankhani, ndipo ntchito yomwe lagwira ndi yaikulu. Koma Hatajo amavinidwa m'madera ena a Chincha ndi chigawo cha Ica, ndipo m'magulu ambiri muli anthu omwe makolo awo anachokera kumapiri. Fayilo yongomvera banja limodzi imasandutsa mavinidwe a banjalo kukhala muyeso, magulu enawo n'kuyamba kuuzidwa kuti akulakwitsa gule yemwe agogo awo anawaphunzitsa. Akazi nawo amaiwalika msanga, poti kugunda kwa amuna ndiko kumakoka kamera. Dzina la Pallitas kulembedwa pamodzi ndi la Negritos pa mndandanda wa UNESCO ndi chinthu chachikulu, chifukwa tsopano lipoti lililonse liyenera kunena za akazi. Palinso ena omwe savina koma popanda iwo gule satuluka: woimba vayolini kapena gitala, wosoka zovala, banja lolandira gulu, ndi wothandiza ndi ndalama. Onsewa ali ndi mawu, ndipo woimba vayolini ndiye wofunika kumufunsa mofatsa, chifukwa ovina akhoza kukhala 50 koma iye akadwala wopanda womulowa m'malo, chaka chimenecho palibe chochitika.

Pali nkhani ina yomwe ofesi siyenera kugamula yokha. Dzina la gule, lomwe limatanthauza gulu la tianthu takuda, ndi kachikwapu kamene ovina amanyamula zimakumbutsa ukapolo, ndipo mlendo akhoza kufuna kuti zichotsedwe kapena zibisidwe m'fayilo. Kusintha kapena kusunga ndi kwa zidzukulu za akapolowo, ndipo fayilo ifotokoze m'mawu awo chomwe zinthuzi zimatanthauza kwa iwo. Kufotokozaku n'kofunika chifukwa komiti imaonetsetsa nkhani ya ulemu pakati pa mitundu. Pa msonkhano womwewo wa ku Bogotá inachotsa pa mndandanda chikondwerero cha ku Aalst ku Belgium chifukwa cha zifanizo zonyoza Ayuda, ndipo mu 2022 inachotsanso mwambo wa ku Ath, m'dziko lomwelo, chifukwa cha munthu wodzipaka zakuda kumaso. Ku Andes kulinso magule omwe anthu omwe si akuda amavala zigoba kapena kudzipaka zakuda poyerekeza akapolo, choncho fayilo iyenera kunena momveka yemwe akuvina, akuvinira yani, ndi chifukwa chake.

Ku Bolivia nkhaniyi inafika pena. Anthu a ku Africa anabweretsedwa ku Potosí, mzinda wa migodi ya siliva, ndipo zidzukulu zawo zinakhazikika ku zigwa zotentha za Yungas, m'midzi monga Tocaña ndi Mururata pafupi ndi Coroico, komwe ankalima mbewu yotchedwa coca m'minda ya eni malo mpaka malamulo a malo anasintha mu 1953. Gule wawo ndi Saya. Muli ng'oma za misinkhu yosiyana zomwe zimayankhana, muli cuancha, nsungwi yotemedwa mano yomwe amaikwecha ndi kamtengo ngati nkhwendo, muli manjerenjeza m'miyendo ya wotsogolera, ndipo mmodzi akatsogolera nyimbo gulu limavomera. Akazi amavala masiketi otambalala ndi zipewa zozungulira monga akazi a mtundu wa Aymara omwe amakhala nawo moyandikana. Midzi itayamba kubalalika, Saya anatsala pang'ono kuzilala, ndipo anamudzutsa ndi ana asukulu a ku Coroico kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, omwe anapita kwa okalamba kukafunsa nyimbo, zovala ndi kasemedwe ka ng'oma. Mu 1988 achinyamata omwe anasamukira ku La Paz anakhazikitsa Movimiento Cultural Saya Afroboliviana. Apa dziwani kuti kaundula woyamba wa Saya anamupanga ndi eni ake, boma lisanaganizeko.

Vuto lawo linali kubedwa kwa dzina. Mu 1969 ku La Paz kunabadwa gule watsopano, Caporales, yemwe anatengera kapitawo wa chikwapu wa mu Saya n'kumusandutsa mutu wa gule yense, wovina anthu a m'tauni ndi zovala zonyezimira. Nyimbo za Caporales zinayamba kugulitsidwa ndi dzina la saya, mpaka anthu ambiri mkati ndi kunja kwa Bolivia anakhulupirira kuti Saya ndi ameneyo. Panalinso Tundiqui, momwe ovina amadzipaka zakuda, yemwe anthu akuda a ku Bolivia akhala akumudandaula kuti ndi chipongwe. Chifukwa choti eni Saya anali ndi bungwe lawo, lotha kuimirira pamaso pa aphungu ng'oma zili m'manja, malamulo oyendetsera dziko a mu 2009 anatchula anthu akuda a ku Bolivia ndi ufulu wawo, ndipo mu Juni 2011 lamulo nambala 138 linalengeza Saya Afroboliviana kukhala chuma cha dziko, dzina la eni ake lili momwemo. Caporales anapatsidwa lamulo lakelake. Chaka chomwecho tsiku la 23 Sepitembala linakhazikitsidwa kukhala la anthu akuda a ku Bolivia ndi chikhalidwe chawo. Akanakhala kuti wolemba lamuloli anangofunsa oimba otchuka a pa wailesi, boma likanateteza gule wolakwika ndi dzina lolondola.

Gule amathandizanso anthu kuwerengedwa. Ku Peru kalembera wa mu 2017 anafunsa anthu mtundu womwe amadziona kuti ali, ndipo oposa 828,000 anati ndi zidzukulu za ku Africa. Nambala ngati imeneyi ndi yomwe mudzi umanyamula popita kukapempha sukulu kapena chipatala, ndipo ambiri amalimba mtima kudzitchula chomwe ali ataona gule wa kwawo akulemekezedwa.

Satifiketi ikabwera, chotsala ndi dongosolo loteteza gule lomwe linalonjezedwa m'fayilo. Madongosolo ofooka amadzaza ndi zikondwerero, misonkhano ndi mabuku, poti izi n'zosavuta kuziwerenga mu lipoti. Dongosolo lolimba limayankha mafunso a ovina: magulu alipo angati, oimba vayolini alipo angati ndipo ali ndi zaka zingati, ndani akuphunzitsa ana, amaphunzitsira pati, zingwe za vayolini zikaduka zigulidwa ndi ndalama ya yani, nanga banja losauka lomwe lili ndi ana atatu m'gulu lipeza bwanji zovala za chaka chino. Funso lililonse likhale ndi dzina la udindo womwe udzayankhe, mwezi wake, ndi komwe ndalama idzachokere. Thumba la UNESCO limatha kuthandiza ndi ndalama zofika madola 100,000 a ku America popanda kudikira msonkhano waukulu wa komiti, koma wopempha ndi boma, ndiye eni gule ayenera kudziwa kuti khomo limeneli lilipo kuti azikumbutsa. Boma limaperekanso lipoti zaka 6 zilizonse, ndipo eni ake amayenera kukhala nawo polilemba.

Alendo nawo amabwera ndi mavuto awo. Gule wa Khirisimasi akatchuka, mahotela ndi oyendetsa alendo amamufuna mwezi uliwonse, wofupikitsidwa kuti akwane asanadye chamadzulo. Palibe cholakwa ovina kupeza kangachepe, koma pafunika mgwirizano wolembedwa ndi magulu onse: zigawo ziti zingavinidwe pa siteji, ziti ndi za pamaso pa kakhola basi, mtengo wochepetsetsa ndi uti, ndipo gawo liti lipita kothandiza ophunzira. Popanda mgwirizanowu magulu amayamba kutsitsirana mitengo, ana n'kuphunzira zigawo zokhazo zomwe alendo amaombera m'manja, nyimbo zazitali zachipembedzo n'kutsalira m'mitu ya okalamba. Mfundo 12 za khalidwe zomwe komiti inavomereza ku Windhoek mu 2015 zinawonjezera kuti chilolezo chikhale chopitirira, kutanthauza kuti amene anavomera kulembedwa sanavomere kujambulidwa ndi aliyense mpaka kalekale.

Kuno kwathu mfundo imeneyi ikukhudza Gule Wamkulu mwachindunji, yemwe Malawi analemba pamodzi ndi Zambia ndi Mozambique. Fomu ili ndi gawo lofunsa ngati pali zinthu zomwe mwambo suloleza aliyense kuziona kapena kuzimva, ndi momwe zidzalemekezedwere. Za kudambwe zimalowa pamenepo, ndipo oyenera kuika malire ndi akuluakulu a mwambowo ndi mafumu awo. Tchopa wa Alhomwe, yemwe analembedwa mu 2014, ndi Mwinoghe wa ku Chitipa, wa mu 2018, nawonso ali ndi malonjezo omwe analembedwa m'mafayilo awo.

Pempho lathu kwa inu, Akonzi, ndi ili. Mafayilo a Tchopa ndi Mwinoghe amapezeka pa tsamba la intaneti la UNESCO, pamodzi ndi makanema ndi zikalata za chilolezo. Tumani mtolankhani awatenge, amasulire gawo la malonjezo m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chilhomwe, apite nalo kwa oimba ng'oma, osoka zovala ndi amayi oimba nyimbo, awawerengere, awafunse zomwe zachitika ndi zomwe sizinachitike. Kwa nthambi ya boma yoona za chikhalidwe tikupempha kuti itengere njira ya ku Peru, yoti gule aliyense wa m'kaundula wa dziko azikhala ndi lipoti zaka 5 zilizonse lolembedwa pamodzi ndi eni ake, ndipo tsiku ndi malo a misonkhano yake zizilengezedwa pa wailesi za m'madera kusanatsale mwezi umodzi.

Ife anu,
Okonda magule a makolo,
Zomba